Masamba Osainiratu

Mutu 6

1. Chenjezo la Mayi Ndionetse

Kukoleji ankamutchula Kachangu. Mayeso ankamaliza anzake akadali pa funso lachitatu. Kuyenda mwachangu, kuyankha mwachangu, ngakhale kupsa mtima mwachangu.

Anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalonda. Kuti alandire dipuloma panatsala chinthu chimodzi: atachimenti. Milungu khumi ndi iwiri pa kampani, kuphunzira ntchito ndi manja.

Lachisanu lomaliza asanabalalike, mlangizi wawo anawasonkhanitsa m'kalasi ya pamwamba, ya mawindo osatsekeka ija. Ophunzira ankawatchula Mayi Ndionetse. Ukawauza kuti wamvetsa, yankho lawo linali limodzi: "Ndionetse."

Anagawa mabuku a chikuto chobiriwira. Logibuku. Tsamba limodzi, mlungu umodzi. Pamwamba wophunzira alembe zimene wagwira. Pansi bwana wa pantchitopo asaine.

"Ana anga, tamverani," anatero Mayi Ndionetse. "Bukuli si la ndakatulo. Kumene mukupitako, ena akakulandirani ndi manja awiri. Ena akakuonani ngati mpando wowonjezera. Akakutumani tiyi, lembani kuti tiyi. Akakupatsani tsache, lembani kuti ndasesa. Musachite nazo manyazi. Tsamba lolembedwa kuti 'ndaphika tiyi' ndi chida changa. Ndimapita nalo kwa bwanayo n'kumufunsa chifukwa chake mwana wanga akuwiritsa madzi milungu itatu. Koma tsamba lokongola limanditseka pakamwa. Ndimayesa zonse zili bwino, n'kupita kwa ena. Muli makumi anayi, ine miyendo ndili nayo iwiri. Mavuto anu sindidzawanunkhiza. Ndiuzeni. Nambala yanga ili mkati mwa chikuto. Ndipo lamulo la koleji mukulidziwa. Wolemba bodza m'bukuli, atachimenti yake yafa, ndipo akaonekera ku komiti yosungitsa mwambo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ine nkhuyu ndimazing'amba."

Shasha, mnzake wa pa benchi, anamugunda Kachangu ndi chigongono.

"Ulaliki watha? Tiimbe nyimbo yotsekera?"

Kachangu anaseka. Buku anali ataliponya kale m'chikwama.

2. Makapu khumi ndi anayi

Kampani imene anamutumizako inali yopikulitsa katundu. Sopo, mafuta ophikira, mabisiketi, mkaka wa m'mapaketi. Makatoni ankalowa ndi malole akuluakulu, n'kutuluka ndi ang'onoang'ono kupita ku magolosale ndi m'masukulu. Maofesi anali pamwamba. Pansi panali nyumba yosungiramo katundu, ya chitseko chachitsulo.

Lolemba anafika asanatsegule. Anavala suti yotuwa. Anamusokera ndi bambo ake, telala wa pakhonde la sitolo ya nsapato. Mayi ake anamwalira kalekale. Makina osokerawo ndiwo anamufikitsa kukoleji.

Woyang'anira ntchito anali bambo wa mafoni awiri, khutu lililonse foni yake. Antchito ankawatchula a Ndikubwera, koma iwo kulibe.

"Ndinu wa koleji uja? Bukulo lili kuti?"

Analitenga ataimirira. Anasaina tsamba loyamba. Anatembenuza, n'kusaina lachiwiri. Lachitatu. Mpaka lakhumi ndi chiwiri. Kenako chidindo: pha, pha, pha.

"Kuti tisamavutane. Ine ndimakhala bize. Muzingolemba nokha. Si ndinu ophunzira?"

"Nanga ndiyambire pati, bwana?"

"Ndikubwera."

Sanabwere.

Mayi wa pa risepushoni ndiye anamuonetsa ntchito. Ketulo iyi. Makapu awa, alipo khumi ndi anayi. Makina a fotokope awa, amatafuna mapepala, uziwamenya pambali.

Pofika mlungu wachitatu, Kachangu ankadziwa wothira masipuni atatu a shuga ndi wosathira. Ankadziwa kapu ya mwini kampani, ya mzere wagolide. Za malonda sanadziwe kanthu.

Tsiku lina anatsika masitepe n'kugogoda pa chitseko chachitsulo. Anatsegula wosunga katundu, mkulu wa pensulo kukhutu.

"Mwanawe, muno salowa munthu wopanda kalata ya abwana. Ndikanakonda kukuonetsa. Koma ntchito yanga ndi yomweyi."

Anakwera kukapempha kalatayo.

"Ndikubwera," anatero a Ndikubwera.

3. Inki ya buluu

Loweruka la mlungu wachisanu anakumana ndi Shasha pamalo okwerera basi. Shasha anali pa kampani ya inshuwalansi. Logibuku yake inali yodzaza mpaka m'mphepete.

"Yako ili kuti? Tione za anamandwa."

Kachangu anamupatsa. Masamba oyera, saini pansi.

Shasha anaimba mluzu.

"Iwe! Anakusainiratu? Mwayi woterewu ena timachita kuupempherera. Ukudikira chiyani?"

"Ndilembe chiyani? Makapu?"

"Woyamba m'kalasi, dipuloma ya makapu! Ukafuna ntchito bukuli adzaliona, mwana wa amayi. Aliyense amakometsera. Ine ndinalemba kuti ndinachititsa msonkhano. Ndinangokonza mipando."

Foni ya Kachangu inalira. Uthenga wa Mayi Ndionetse, mawu awiri: "Zikuyenda, mwanangu?"

Anauyang'ana kanthawi. Basi inaima. Anayankha ali pakhomo la basi: "Bwino kwambiri, madamu."

Masana omwewo anakhala pa tebulo lodulirapo nsalu. Anatsegula manotsi a chaka chachiwiri, mutu wa kasungidwe ka katundu. Phunziro limenelo anakhoza kuposa onse. Anatenga cholembera cha buluu.

Dzanja linathamanga lokha. Mlungu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Atafika pa wachisanu sanaime. Mawu ankabwera okoma, ndipo saini zinali kudikira pansi ngati mipando yopanda anthu. Pa tsamba lachisanu ndi chiwiri analemba kuti: "Lachiwiri. Ndayendera makatoni onse a mkaka. Ndaona masiku othera ntchito. Ndaonetsetsa kuti katundu wolowa poyamba ndiye akutuluka poyamba. Zonse zili bwino."

Anapitirira mpaka tsamba lomaliza. Milungu khumi ndi iwiri, ola limodzi.

Bambo ake anavala magalasi n'kutsegula pakati. Anawerenga mokweza, chala chikutsata mzere.

"Makatoni onse, mwana wanga? Wekha?"

"Eya, bambo."

"Amwene!" anaitana wosoka nsapato wa pafupi. "Tabwerani mudzamve. Uyu akuyendetsa kampani uyu. Ife tinkangoyendetsa singano."

Mawa lake anatulutsa nsalu yofiirira imene anaisunga chaka chathunthu. Diresi ya tsiku lolandira dipuloma.

4. Mkaka

Lachitatu la mlungu wachisanu ndi chinayi, ofesi inali zii. Wailesi ya pa risepushoni inali yozima.

"Sunamve?" ananong'ona mayi wa pa risepushoni. "Mkaka umene tinatumiza ku sukulu ya mkombaphala unali wotha ntchito. Miyezi iwiri. Ana khumi ndi mmodzi ali m'chipatala, kusanza ndi kutsegula m'mimba. A zaumoyo abwera mawa. Akufuna dzina la munthu."

Kachangu anayatsa ketulo.

A Ndikubwera anatulukira pakhomo la kakhitchini. M'manja munalibe foni.

"Mwana wanga, logibuku ija muli nayo?"

Anali asanamutchulepo choncho. Anawapatsa. Anatembenuza masamba pang'onopang'ono. Pa lachisanu ndi chiwiri anaima. Nkhope inamasuka.

"Mumalemba bwino. Tapangani fotokope tsamba ili. Atatu."

Anapanga yekha. Makina sanatafune ngakhale limodzi. Pepala lachitatu likutuluka m'pamene anawerenga zimene ananyamula.

A Ndikubwera anamudikira m'kanjira ka pakati pa maofesi. Anatsitsa mawu.

"Musaope. Mungovomera kuti munayendera koma simunaonetsetse. Wophunzira amalakwitsa, palibe amene amamumanga. Ine ndikulemberani kalata yabwino, dipuloma mulandira. Koma mukayamba zina, mukudziwa nokha zimene koleji imachita ndi abodza."

Nthawi ya leveni anamuuza alowetse tiyi m'chipinda cha misonkhano. Munali mwini kampani, mayi wamtali wa imvi za m'mbali. Munali a Ndikubwera. Kumapeto kwa tebulo kunali Mayi Ndionetse, chikwama pamiyendo, fumbi la mumsewu ku nsapato. Anachita kuwaitana pafoni.

"Siyani thireyi," anatero mwini kampani. "Khalani pansi."

Anamukankhira pepala.

"Dzanja ili ndi lanu?"

"Langa."

"Ndiye kuti mkakawu munauyendera ndinu, n'kunena kuti zonse zili bwino?"

"Ine ndinamukhulupirira," analowerera a Ndikubwera, akupukusa mutu. "Anati ndi woyamba m'kalasi. Ndinati timupatse mpata mwanayu. Kukoma mtima kwandipweteka."

Kachangu anatsegula pakamwa.

"Ndibwerekeni mwanayu mphindi zisanu," anatero Mayi Ndionetse.

5. M'kakhitchini

Anatseka chitseko. Munali mothina, fungo la masamba a tiyi onyowa. Makapu osatsuka anali mu sinki.

"Wayendera makatoni onse a mkaka."

"Madamu..."

"Ndionetse. Tsiku lothera ntchito amalilemba pati pa katoni? Pamwamba, pambali, pansi?"

Kachangu anayang'ana matailosi.

"Makatoniwo ndi amtundu wanji?"



Mayi Ndionetse anayang'ana makapu. Anayang'ana manja a mtsikanayo, zala zotuwa ndi sopo. Anakhala pa kampando ka pulasitiki ngati munthu wotsitsa mtolo.

"Milungu isanu ndi inayi," anatero. "Ndinakufunsa. Unati bwino kwambiri. Ndinadutsa pa geti iyi kawiri popita kwa anzako. Sindinalowe. Ndinati Kachangu ali bwino, ndithamangire ofooka. Pamenepo nanenso ndinalakwa, ndipo ndidzazinena. Koma tamvera, mwanangu, chifukwa nthawi ndi yochepa. Bambo uja wakulonjeza zinthu, ndamuonera m'maso. Ukavomera zake, mwina dipuloma ulandira. Udzavala gauni, adzakujambula. Koma pepala ili likalowa m'fayilo ya a zaumoyo, dzina lako pamwamba. Kulikonse kumene udzapemphe ntchito, lidzafika iwe usanafike. Ndipo amene anatulutsa mkakawo adzakhalabe pampando wake, ndi mafoni ake. Mwezi wamawa kudzatuluka katoni ina. Ana aja ali ndi amayi awo, akhala pa benchi ya chipatala osagona. Akufuna kudziwa chimene chinachitika. Iwe ukawapatsa bodza lachiwiri kuti uphimbe loyamba."

"Ndikanena zoona, madamu, mundithandiza?"

"Sindikunamiza. Ukanena zoona, atachimenti yako yafa lero. Lipoti lopita ku komiti ndilemba ndine, ndi dzanja ili. Akhoza kukubweza chaka. Akhoza kukuchotseratu. Ndidzakhala pambali pako, koma sindidzasintha liwu ndi limodzi lomwe."

"Bambo anga akusoka diresi."

Mayi Ndionetse anatseka maso.

"Ndikudziwa. Onse amasoka kanthu."

Ketulo inazima yokha. Kachangu anapukuta manja pa siketi ya suti, ngakhale anali ouma. Anatsegula chitseko.

6. Tsamba lomaliza

Sanakhale pansi.

"M'nyumba ya katundu sindinalowemo. Ngakhale tsiku limodzi. Zonse zili m'bukumu ndinakopera m'manotsi. Ntchito yanga kuno ndi tiyi ndi fotokope."

A Ndikubwera anaseka kaseko kouma.

"Mwaona? Tsopano akuthawa dzanja lake lomwe."

"Afunseni osunga katundu."

"Ali pa tchuthi," anatero a Ndikubwera. "Kuyambira lero m'mawa."

Mwini kampani anawayang'ana. Anatembenukira kwa Kachangu.

"Pansi apa pali saini ya bwana wanu. Akuvomereza kuti ntchitoyi munagwira."

"Anasainiratu masamba onse tsiku loyamba. Ali oyera."

"Ine? Kusaina pepala loyera? Zaka makumi awiri pa ntchito?"

Kachangu anatenga buku lobiriwira lija pa tebulo. Anatsegula kumapeto n'kuliika pamaso pa mwini kampani.

Mayiyo anawerenga mokweza, liwu ndi liwu.

"Mlungu wakhumi ndi chiwiri. Lachisanu. Ndatsanzikana ndi antchito onse. Abwana andiyamikira chifukwa cha khama langa."

Anayang'ana kalendala ya pakhoma. Lachisanu limenelo linali patsogolo, milungu itatu. Pansi pa tsambalo panali saini. Panali chidindo.

Mayi Ndionetse anagwira pamphumi. Tsamba lomwelo linatsutsa bwana, n'kumumaliza mwana wawo.

A Ndikubwera anaimirira. Mpando unagwa chagada.

"Saini imeneyo si yanga! Chidindo chimakhala pa desiki. Amalowa mu ofesi mwanga ndi tiyi ine kulibe ndani? Munthu wolemba za mawa angalephere kukopera saini? Mwana ameneyu ndi wakuba!"

"Basi," anatero mwini kampani, n'kuloza a Ndikubwera. "Inu, tsalani. Wa koleji, tengani chikwama chanu. Pano musapondenso. Za chidindo tikambirana ndi a zamalamulo."

Mayi Ndionetse anatambasula dzanja msanga. Anatenga logibuku, n'kuiika m'chikwama mwawo, n'kukoka zipi.

"Bukuli ndi la koleji," anatero.

Pa risepushoni palibe anadzutsa mutu. Pa geti mlonda anamusecha Kachangu chikwama. Milungu isanu ndi inayi anali asanachitepo zimenezo.

Panja dzuwa linali pamutu. Malole ankalowa ndi kutuluka ngati kale.

"Komiti ndi Lolemba, naini koloko," anatero Mayi Ndionetse. Analemba pa kapepala atatsamiritsa pa khoma. "Ubwere ndi kholo. Uwauze wekha lero. Asamve kwa ena."

"Ndachita bwino, madamu?"

"Wachita zoyenera. Bwino unayenera kuchita mlungu wachisanu."

Anakwera basi yawo. Kunali ana ena makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

7. Pakhonde

Kachangu sanakwere basi. Anayenda wapansi, kudutsa pa mlatho wa njanji, pa malo ochapira magalimoto, pa mzere wa ogulitsa mafoni akale. Shasha anaimba kawiri. Sanayankhe. Kachangu wa changu anayenda ulendo wa theka la ola maola awiri.

Makina a bambo ake anawamvera patali.

"Ah, abwana aweruka msanga!" anafuula bambo ake, mapini pakamwa. "Kapena akupatsa ofesi yako tsopano, umadziweruka wekha? Bwera kuno. Imirira apa. Wongoka."

Anamuika diresi yofiirira pamapewa. Inali isanasokedwe mikono. Ulusi woyera wogwirizira unali lende.

"Waonda. Ntchito ya makatoni imeneyi. Ndibweza pang'ono m'chiuno." Anagwada, n'kuyamba kupinda mpendero. "Tsikulo ndidzakhala kutsogolo. Akadzaitana dzina lako ndidzaimirira, andikhazike pansi okha."

Kapepala ka komiti kanali m'dzanja lake lamanja, konyowa ndi thukuta.

"Bambo."

"Usagwedezeke, ndikubaya."

"Bambo, ndili ndi mawu."

Bambo ake anadzutsa mutu. Anachotsa mapini pakamwa, imodzi imodzi. Anamuyang'ana nkhope, kenako dzanja lofumbata lija.

Kachangu asanayankhule, galimoto yoyera inaima pamaso pa khondelo, matayala awiri m'ngalande. Chitseko chinatseguka. Munatuluka bambo wa taye yomasuka, envulopu yakhaki kukhwapa, akumwetulira ngati mlendo woitanidwa.

"Odi! Bambo ake a mtsikanayu ndinu? Tikambirane ngati akuluakulu."

Milungu isanu ndi inayi Kachangu anawadikira. Lero a Ndikubwera anabweradi.